Blender Ikakana Kutseguka, Musathamangire Kugula Kompyuta Ina

Achinyamata ambiri ofuna kuphunzira kupanga makatuni ndi zithunzi za 3D amayambira pa Blender, popeza ndi pulogalamu yaulere. Imayang'aniridwa ndi bungwe la Blender Foundation la ku Amsterdam, ndipo aliyense wakhala akuitenga kwaulere kuyambira mu 2002. Koma ena imawakana tsiku loyamba lomwelo, n'kuyamba kuganiza kuti laputopu yawo ndi yachabe. Dekhani kaye. Nthawi zambiri mtundu wa Blender umene mwatenga ndi umene sukugwirizana ndi makina anu.

Choyamba, itengeni pa blender.org basi. Wina akamakugulitsani Blender pa fulashi, akukudyerani ndalama, mwinanso akupatsani ya mavairasi. Konzani bandulo yosachepera 500MB, chifukwa fayilo yake imaposa 300MB. Netiweki ikadula kapena magetsi akathima dawunilodi isanathe, fayiloyo imakhala yoduka ndipo imakana kulowa. Ifufuteni, muyambirenso. Ikamakanabe, tengani ya zip, imene sifuna kuilowetsa: mumangoimasula m'foda n'kudina blender.exe.

Tsopano dziwani makina anu. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani dxdiag, muone RAM, kenako pa Display muone dzina la graphics card. Sizitenga mphindi zisanu, koma ndi pano pamene pagona nkhani. Blender 4.0, imene inatuluka mu 2023, imafuna khadi lotha OpenGL 4.3 ndi RAM yosachepera 8GB. Ikatulutsa uthenga wotchula OpenGL n'kutsekeka, yambani mwaika driver yatsopano yochokera pa tsamba la Intel, NVIDIA kapena AMD, malinga ndi dzina limene munaona lija. Mukatero zimitsani kompyuta n'kuyatsanso. Ambiri amaiwala zimenezi, n'kumadandaula kuti palibe chasintha.

Ikakanabe, ndiye kuti khadilo ndi lakale. Musaikakamize, njinga yakale simuisenzetsa matumba atatu a chimanga. Pitani pa Previous Versions pa tsamba lija la blender.org. Malaputopu ambiri a kaunjika amayenda bwino ndi 3.6 LTS, imene imakhutira ndi OpenGL 3.3. Amene akadali pa Windows 7 asapyole pa 2.92, ndipo makina a 32-bit malire ake ndi 2.80. Kunena zoona, wophunzira watsopano sataya kanthu pogwiritsa ntchito 3.6. Kuumba zinthu, kuika mafupa ndi kuyendetsa katuni, zonse zilimo.

Vuto lina limabwera Blender itatseguka bwinobwino. Mukutsatira phunziro pa YouTube, mphunzitsi wadina batani, inu mukalifuna kulibe. Musanafufute chilichonse, onani nambala ya mtundu umene iye akugwiritsa ntchito. Imaoneka pansi kudzanja lamanja. Mwachitsanzo, kabokosi ka Auto Smooth kanachoka mu 4.1, ndipo ntchito yake ikugwiridwa ndi modifier ya Smooth by Angle. Bloom inachoka mu EEVEE kuyambira 4.2, ndiye kuwala koteroko mumakupanga ndi Glare mu Compositor.

Mu 4.2 momwemo, mu 2024, ma add-on ambiri amene ankabwera kale m'kati, monga LoopTools, anasamutsidwira pa intaneti. Pitani pa Edit, Preferences, Get Extensions, muvomere Allow Online Access, kenako lembani dzina la chimene mukufuna. Rigify ndi Node Wrangler zilimobe, kungoti zimakhala zozimitsa. Chongani kabokosi kake pa Add-ons. Add-on ya kwina ikabwera ngati zip, musaimasule. Ilowetseni ili choncho kudzera pa Install from Disk, ndipo muonetsetse kuti inapangidwira mtundu wanu.

Laputopu yopanda manambala a m'mbali? Pa Preferences, Input, chongani Emulate Numpad. Palinso Emulate 3 Button Mouse, komabe ine ndingakuuzeni kuti mugule mausi ya kagudumu pakati. Siidula, ndipo imakupulumutsani ku zowawa zambiri.

Mukatsegula ntchito ya mnzanu n'kupeza zonse zasanduka pinki, sikuti yaonongeka. Zithunzi zokutira zinthuzo zinatsala kwa iye. Zikopereni m'foda imodzi, mupite pa File, External Data, Find Missing Files. Inunso musanatumize ntchito kwa wina, dinani Pack Resources kuti zonse ziyende limodzi.

Mwasokoneza mawindo mpaka simukudziwanso pogwira? Sungani kaye ntchito yanu, kenako File, Defaults, Load Factory Settings. Mukamakapempha thandizo kwa odziwa, musangonena kuti yakana. Jambulani uthenga wonse pa foni, ndipo muwauze nambala ya Blender yanu, mtundu wa Windows ndi dzina la khadi lanu.