Tsiku la Ambuye: Lamulungu ndi Tsiku Lotsiriza

Ambiri tamvapo m'minibasi, kuntchito kapena pa WhatsApp kuti kupemphera Lamulungu ndiye chizindikiro cha chilombo, ndi kuti pa mapeto a dziko adzapulumuka okhawo osunga Loweruka. Akhristu ena agwedezeka nazo mpaka kuleka Misa, ndipo m'mabanja ena nkhaniyi yautsa mikangano. Tiyeni tione zimene Malembo Oyera akunena, modekha ndi mosanyoza aliyense.

Sabata ndi lamulo la Mulungu ndithu. Pa Eksodo 20:8-11 likutikumbutsa kuti Mulungu adapumula atalenga zonse. Pa Deuteronomo 5:12-15 likukumbutsa Aisraele kuti adali akapolo ku Ejipito, Mulungu n'kuwaombola. Choncho Sabata linali tsiku lokumbukira chilengedwe ndi chiombolo. Yesu mwini ankalowa m'nyumba ya mapemphero pa Sabata (Luka 4:16).

Nanga Lamulungu lidabwera bwanji? Alembi onse anayi a Uthenga Wabwino akugwirizana kuti Yesu adauka kwa akufa tsiku loyamba la mlungu. Tsiku lomwelo adanyema mkate ndi ophunzira awiri ku Emausi (Luka 24:13-35). Ku Troasi akhristu adasonkhana kudzanyema mkate tsiku loyamba la mlungu (Ntchito 20:7), ndipo Paulo Woyera adauza Akorinto kuti azipatula zopereka zawo tsiku lomwelo (1 Akorinto 16:2). Pa Chivumbulutso 1:10 Yohane akutchula tsiku la Ambuye, dzina limene Mpingo wakhala ukuitanira Lamulungu kuyambira kale. Kuuka kwa Yesu ndiko chilengedwe chatsopano ndi chiombolo chenicheni: zimene Sabata linkalozera zidakwaniritsidwa mwa Iye.

Ena amati Lamulungu lidayamba ndi mfumu Constantine. N'zoona kuti m'chaka cha 321 mfumuyi idalamula kuti makhoti ndi anthu a m'mizinda azipumula Lamulungu. Koma cha m'ma 155, Justin Woyera adali atalembera kale mfumu ya ku Roma, kufotokoza kuti akhristu amasonkhana tsiku limeneli, kuwerenga zolemba za atumwi ndi aneneri, kupemphera, kuchita Ukaristia ndi kusonkhera osauka. Constantine adapeza mwambowu ulipo kale.

Za chilombo tiwerenge Chivumbulutso 13:16-18 bwinobwino. Pakunenedwa za chizindikiro pa dzanja lamanja kapena pamphumi, za kugula ndi kugulitsa, ndi za nambala 666. Palibe pamene patchulidwa Loweruka kapena Lamulungu. Bukuli lidalembedwera akhristu amene ankakakamizidwa kupembedza mafumu a ku Roma ngati milungu, ndipo akatswiri ambiri a Baibulo amaona kuti 666 ndi dzina la mfumu Nero likawerengedwa m'zilembo za Chiheberi. Funso la bukuli ndi lakuti: kodi ukugwadira yani, Mwanawankhosa kapena mphamvu za dziko lino?

Mawu akuti tsiku la Ambuye alinso ndi tanthauzo lachiwiri. Aneneri monga Amosi (5:18) ankanena za tsiku limene Mulungu adzabwere kudzaweruza. Paulo akuti lidzafika ngati mbala usiku (1 Atesalonika 5:2), ndipo Yesu adanenetsa kuti tsiku ndi ora lake akudziwa ndi Atate okha (Marko 13:32). Komabe anthu akhala akuwerengetsera. Otsatira a William Miller ku America adadikira pa 22 Okutobala 1844, koma kudacha bwinobwino. Harold Camping adalengeza 21 Meyi 2011, ena mpaka adasiya ntchito ndi kugulitsa katundu, tsikulo n'kudutsa. Wina akakuuzani deti la mapeto a dziko, dziwani kuti akudzitama ndi chinsinsi chimene Yesu sadauze ngakhale atumwi ake.

Matanthauzo awiriwa amakumana pa Misa. Akhristu akale ankatcha Lamulungu tsiku lachisanu ndi chitatu, chifukwa limalozera tsiku losatha la mu ufumu wa Mulungu. Nthawi zonse tikamadya mkate ndi kumwera chikho cha Ambuye timalalika imfa yawo mpaka adzabwerenso (1 Akorinto 11:26). Lamulungu lililonse ndi kukonzekera tsiku lotsirizalo. Amene wazolowera kukumana ndi Yesu pa guwa sadzamuona ngati mlendo pamene adzabwera.

Tsono tichite chiyani? Choyamba, tisajombe ku Misa chifukwa cha mantha kapena malonda. Chachiwiri, tikumbukire kuti Deuteronomo 5:14 akuti wantchito nayenso apumule. Kodi mtsikana wogwira ntchito m'nyumba mwathu kapena mlonda wa pageti timamupatsa mpata wopemphera ndi kupuma? Chachitatu, pa Mateyo 25:31-46 Woweruza sakufunsa za tsiku limene tinkapemphera. Akufunsa za anjala, aludzu, alendo, ausiwa, odwala ndi am'ndende. Chachinayi, abale athu osunga Loweruka tiziwalemekeza, monga Paulo akulangizira pa Aroma 14:5-6. Tiwafotokozere chikhulupiriro chathu mwaulemu, osati molimbana.

M'miphakati mlungu uno tiwerenge Marko 13:32-37, kenaka tifunsane: Ambuye atabwera Lamulungu likudzali, angatipeze tili kuti, tikuchita chiyani?