Chimbudzi cha pa ntchito ndi madzi a m'chitsime

Pa Migowi, pa Chiringa ndi pa boma pa Phalombe pali malo ambiri a ntchito. Pali zigayo, magolosale, malo odyera ndi mashopu a akalipentala. Kuseri kwa malo amenewa kumakhala chimbudzi. Ambiri anakumba dzenje. Ena ali ndi chimbudzi cha madzi chothira m'thanki ya simenti yokwirira pansi, imene anthu amati septiki thanki. Kodi zimene timasiya m'menemo zimathera kuti?

Alimi tonse tikumudziwa feteleza wa yureya. Chimene chimabiriwitsa chimanga m'fetelezayo dzina lake ndi nayitirojeni. Nayitirojeni yemweyo alinso m'zimene munthu amataya ku chimbudzi, makamaka m'mkodzo. N'chifukwa chake nthochi ya kuseri kwa chimbudzi imanenepa kuposa zinzake. Ku munda nayitirojeni ndi chakudya cha mbewu. Akachuluka m'madzi akumwa ndi woopsa.

Musaganize kuti thanki ya simenti imamutsekera. Thankiyo imasunga zolimba zokha. Madzi ake amatulukira m'dzenje la miyala n'kulowa m'nthaka, nayitirojeni wambiri ali momwemo.

Tiyeni tiwerengere. Tengani pensulo.

Munthu wamkulu amataya magalamu pafupifupi 10 a nayitirojeni pa tsiku. Koma munthu sagona pa ntchito. Tiyerekeze kuti theka amasiya kunyumba, theka pa ntchito. Ndiye kuti pa ntchito ndi magalamu 5.

Tinene kuti pa malo ena pali antchito 10.

10 × 5 = magalamu 50 pa tsiku.

Pa chaka amagwira ntchito masiku ngati 300.

50 × 300 = magalamu 15,000.

Amenewa ndi makilogalamu 15. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi nayitirojeni makilogalamu 23. Choncho anthu 10 aja chaka chilichonse akuthira m'dzenje limodzi nayitirojeni woposa wa m'theka la thumba. Mlimi uti angakhuthulire feteleza wotere pa phando limodzi?

Apatu sitinawerenge alendo. Pa chigayo amayi amadikira ufa nthawi yaitali, ndipo pa tsiku la msika chimbudzi sichipuma. Mwini malo aike chitini pakhomo pa chimbudzi. Aliyense wolowa aziponyamo kamwala. Madzulo awerenge timiyalato, kamwala kalikonse akuyerekeza magalamu 2.

Uku n'kuyerekeza chabe, si sikelo ayi. Nayitirojeni wina amatsala m'dothi, wina amadyedwa ndi mizu ya mitengo, wina amauluka. Wotsalayo amatsika ndi madzi a mvula. Mu mchenga amayenda msanga, m'dothi la makande amachedwa. Kuno kwathu vuto lili ku chigwa. Kuchoka m'munsi mwa phiri la Michesi kulowera ku nyanja ya Chilwa, madzi a pansi amakwera kwambiri nthawi ya dzinja. Dzenje likafika pa madziwo, chimbudzi ndi chitsime zimamwa pamodzi. Tinaona m'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa zimbudzi ndi kusefukiritsa maenje. Kumbukiraninso kuti mtsinje wa Phalombe umathira m'Chilwa, nyanja imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaika malire a nayitirojeni m'madzi akumwa. Potsata malirewo, galamu imodzi yokha ikwanira kuipitsa ndowa zinayi za malita 20. Magalamu 50 aja atafika onse m'madzi, ndi ndowa 200 pa tsiku.

Choipa chake n'chakuti madzi otere saoneka. Ndi oyera, sanunkha, sawawa. Munthu wamkulu akhoza kumwa osamva kanthu. Amene ali pangozi ndi khanda losakwana miyezi 6. Likamwa madziwo, kapena mkaka wa m'chitini wosungunulira madziwo, magazi ake amalephera kunyamula mpweya bwino. Milomo ndi zala zimada ngati zabuluu, ndipo limapuma movutika. Mwana wotere thamangirani naye ku chipatala. Khanda loyamwa bere lokha ndi lotetezeka.

Ena amati, "Ife timawiritsa madzi." Mukuchita bwino, pakuti kuwiritsa ndi kuthira klorini kumapha tizilombo ta kolera. Koma nayitirojeni sapsa. Madzi akaphwera pa moto, iye amatsala mu mphika.

Tsono mankhwala ake ndi kutalikitsa. Chimbudzi kapena dzenje la thanki likhale mamita 30 kapena kuposa kuchokera pa chitsime kapena mjigo. Amenewa ndi masitepe ngati 40 a munthu wamkulu. Likhale kumunsi kwa chitsime, osati kumtunda. Pansi pa dzenje pasiyane ndi madzi a pansi mita imodzi ndi theka. Musayese m'Okutobala zitsime zitaphwa. Suzumirani m'chitsime mu Febuluwale, muone pamene madzi afika. Ngati chimbudzi chilipo kale pafupi ndi chitsime, kauzeni alangizi a zaumoyo kuti athandize madziwo ayezedwe.

Yesani izi: pa malo odyera pali antchito 4, ndipo m'chitini mwapezeka timiyala 30 ta alendo. Ndi magalamu angati pa tsiku? Nanga ndi ndowa zingati?