Bokosi la Makalata: Tizithunzi Tochedwa pa Netiweki Yofooka

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera ku Zomba, kwa bambo wina wojambula zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe. Akuti: "Zithunzi zanga ndimazisunga pa kompyuta ya achimwene anga ku Lilongwe, ndipo ndimazifikira kudzera pa intaneti. Ndikatsegula foda ya zithunzi 2,000, tizithunzi tating'ono tija timatuluka kamodzikamodzi, ndipo bandulo imatha ndisanaone ngakhale theka. Kodi kompyuta yanga yawonongeka?" Bambo katswiri, muwathandize.

KATSWIRI: Zikomo kwambiri, mayi. Bambo a ku Zomba, mtima ukhale m'malo, pakuti kompyuta yanu ili bwino, ndipo ikuchita mokhulupirika ntchito imene inaphunzitsidwa. Kachithunzi kameneka, kamene anzathu amati thumbnail, sikachokera kumwamba ayi. Kuti kapangidwe, pulogalamu yotsegulira mafoda, kaya ndi File Explorer, kaya Nautilus, kaya Dolphin, kawirikawiri imayamba yakoka chithunzi chonse chachikulu kuchokera kumene chikukhala, nichiwerenga, nichichepetsa, kenaka n'kukuonetsani kanthu kosaposa chikhadabo. Kuli ngati munthu amene, pofuna kuona ngati chimanga chafumbwa, asenza thumba lathunthu kuchoka ku Lilongwe kufika ku Zomba, natapamo dzanja limodzi, nabwerera kukasenza lina.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Chithunzi chimodzi chikakhala cha 5 MB, zithunzi 2,000 ndiye 10 GB. Ndipo netiweki ikamayenda pa liwiro la megabiti imodzi pa sekondi, chithunzi chilichonse chidya masekondi 40, kotero kuti foda yonseyo idzakudyerani maola opitirira 22. Tsono langizo langa ndi limodzi: chigayo chipite kumene kuli chimanga. Pemphani achimwene anu aike pulogalamu yaulere ya ImageMagick pa kompyuta yawoyo, imene ndi lamulo limodzi lotchedwa mogrify ikhoza kuchepetsa zithunzi zonse usiku umodzi. Koma asamale kuilozera foda ina yoikamo zochepetsedwazo, chifukwa akapanda kutero imalemba pamwamba pa zithunzi zenizenizo, ndipo ukwati sabwereza. Inu mudzakoka foda yaing'onoyo, mwina ya 40 MB yokha, mudzasankha zimene mukufuna, ndipo zazikulu mudzaitanitsa zosankhidwazo basi.

WOULUTSA: Nanga ngati achimwenewo sadziwa za makompyuta?

KATSWIRI: Njira ina ilipo, mayi. Makamera ambiri, pojambula chithunzi cha JPEG, amabisamo kachithunzi kakang'ono ka madontho 160 m'litali ndi 120 m'lifupi, kumayambiriro kwenikweni kwa fayilo, m'chigawo chotchedwa Exif chimene sichipitirira 64 KB. Mapulogalamu monga ExifTool amatha kutulutsa kameneko osafunika kuchepetsa chithunzi chonse. N'kosaoneka bwino kwenikweni, komabe n'kokwanira kusiyanitsa mkwatibwi ndi ankhoswe.

WOULUTSA: Kalata yachiwiri yachokera ku Mchinji, kwa mayi wina wolemba mu ofesi ya sukulu. Akuti: "M'mafoda a zithunzi amene timagawana pa netiweki ya mu ofesi mukumapezeka fayilo yotchedwa Thumbs.db imene palibe anaiikamo. Kodi si vayirasi?"

KATSWIRI: Mwachita bwino kufunsa, mayi, pakuti safunsa anadya phula. Imeneyo si vayirasi, koma nkhokwe ya Windows, mmene imasungamo tizithunzi timene yapanga kale, kuti mawa isavutikenso. M'masiku a Windows XP inkaika nkhokwe yotere m'foda iliyonse ya zithunzi. Kuyambira pa Windows Vista inasonkhanitsira zonse malo amodzi pa kompyuta ya mwini wake, koma m'mafoda a pa netiweki imaisiyabe. Mukaifufuta simutaya chithunzi chilichonse, kungoti ntchito yonse yokoka ija iyambiranso pachiyambi; choncho pa netiweki yofooka ilekeni ikhale. Ndipo tsiku limene mwafulumira, sinthani kaonekedwe ka foda kuti kakhale mndandanda wa mayina ndi madeti, ndipo mudzaona ikutseguka m'kuphethira kwa diso.

WOULUTSA: Yomaliza yachokera ku Chipata, kwa mnyamata wophunzira amene amagwiritsa ntchito Linux. Akuti: "Ndinapanga tizithunzi pa seva, ndinakopera foda yake yonse ku laputopu yanga, koma Nautilus sakutizindikira. Ndalakwa pati?"

KATSWIRI: Achimwene, maganizo anu anali olunjika, koma mwakhumudwa pa mwala waung'ono. Pa Linux tizithunzi timakhala m'foda yobisika ya .cache/thumbnails, tina ta madontho 128, tina ta 256, ndipo dzina la kalikonse silichokera ku dzina la chithunzi lokha, koma ku keyala yonse ya pamene chithunzicho chikukhala, yosandutsidwa manambala ndi zilembo mwa njira yotchedwa MD5. Tsono keyala imene seva imadziwira chithunzi si imene laputopu yanu imachidziwira. Ndicho chifukwa Nautilus, pofunafuna dzina limene akuliyembekeza, salipeza. M'kati mwa kachithunzi kalikonse mumalembedwanso nthawi imene chithunzi chachikulu chinasinthidwa komaliza, ndipo nthawiyo ikasiyana, kakaleko kamakanidwa. Potero, popanga tizithunzi pa seva, werengerani mayinawo pa keyala ya ku laputopu, ndipo posamutsa zithunzi gwiritsani ntchito pulogalamu ya rsync moiuza kusunga nthawi zake. Dziwaninso kuti amene anapanga Nautilus anamuika kuti, mwini akapanda kulamula, azionetsa tizithunzi ta mafayilo a pa kompyuta yomweyo okha; anatero mwadala, pomvera chisoni anthu a netiweki yonga yathuyi.

Nkhaniyi imandikhudza mtima, mayi, chifukwa bandulo imene ikupserera pa zithunzi zimene munthu sanazifune n'komwe ndi ndalama ya ndiwo, ya sopo ndi ya makope a ana. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde. Koma kudekha kwa maola 22 pa ntchito imene ikanatheka m'mphindi zochepa palibe amene akukulamulirani.