Usalandire dipoziti ya ukwati ndi kamera imodzi yaing'ono

Mphwanga, ngati wayamba kujambula maukwati ndipo mtima wako uli pa tikamera tating'ono tija ta lenzi yosachotseka, khala pansi undimvere. Ndikunena Fujifilm X100V ya 2020, X100VI ya 2024, kapena Ricoh GR III. Ndi makamera abwino, sindikukana, ndipo amakwana m'thumba la jekete. Koma lenzi yake ndi imodzi basi, 23mm pa Fujifilm, ndipo sikokera pafupi chinthu chakutali. Ukafuna nkhope ya munthu, uyenera kumuyandikira ndi miyendo yako.

Mnyamata wina wa ku Liwonde, waluso ndithu, anagulitsa kamera yake yakale ya malenzi awiri n'kugula kotereka. Posakhalitsa anapeza ntchito ya ukwati ku Balaka. M'tchalitchi anamuuza kuti asayandikire kuguwa pa nthawi ya malumbiro, monga zimakhalira m'matchalitchi ambiri. Mphete zinavekedwa iye ali patali, moti pachithunzi mkwati ndi mkwatibwi anaoneka tating'ono, zala osaoneka n'komwe. Madzulo ku holo magetsi anathima, kafulashi kake kosafika pa gulu la perekani-perekani, batire n'kutha keke isanadulidwe. Ankhoswe atamuitanitsa, ndalama anabweza. Koma mayi a mkwatibwi mpaka lero alibe chithunzi chooneka cha mwana wawo akuvekedwa mphete.

Analakwa pati? Sikuti pa Loweruka la ukwatilo. Analakwa tsiku limene analandira dipoziti osafunsa funso ngakhale limodzi. Sanapite kukaona tchalitchicho kuti adziwe pamene adzaime. Sanafunse ngati holoyo ili ndi jenereta. Sanauze eni ukwati kuti kamera yake ndi imodzi. Iye anakopeka ndi zithunzi za pa Facebook za maukwati a ku Ulaya, a anthu ochepa, kumene wojambula amayenda momasuka mpaka pamphuno pa mkwatibwi. Kwathu kuno ukwati ndi wa mudzi wonse. Nyimbo ikangolira, azakhali, anzake a mkwati ndi ana amakhamukira kutsogolo, aliyense foni m'mwamba. Udutsa pati? Nanga pa ukwati wa Chisilamu ku Ntaja kapena ku Nsanama, amayi atakhala kwaokha, iwe mwamuna ungolowa pakati pawo chifukwa lenzi yako siona patali?

Ena adzakuuza kuti X100VI ili ndi ma megapixel 40, ungodula chithunzi pa kompyuta nkhope n'kukula. Masana panja zimatheka. Mumdima wa m'holo, ukadula chotsala ndi timadontho tokhatokha.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi khadi. Makamera atatu onsewa ali ndi malo a memori khadi imodzi yokha. Makamera opangidwira ntchito ngati iyi amalemba pa makhadi awiri nthawi imodzi, kuti ina ikafa inzake ipulumutse. Khadi yako ikafa, makamaka zotchipa zogula pamsewu zija, tsiku lonse lapita, ndipo madzi akatayika saoleka. Batire nayo samala: ya Ricoh GR III, malinga ndi oipanga, imajambula zithunzi pafupifupi 200. Kuyambira kokonza tsitsi m'mawa mpaka usiku, 200 zikukwana? Ndipo kamera ikagwa m'fumbi la Okutobala lenzi n'kusweka, zonse zathera pomwepo. Yobwereka uipeza kuti Loweruka masana ku Ulongwe?

Ngati ukuikonda kamerayo, ikhale yachiwiri, yojambulira pokonzekera, pachinkhoswe ndi pakati pa ovina. Ya malumbiro ikhale yokoka patali, limodzi ndi fulashi yaikulu, mabatire osachepera atatu ndi makhadi ogula pamalo odalirika. Ngati zimenezi ulibe, bwereka kapena gawana ntchito ndi mnzako. Zikakanika, auze eni ukwati zoona usanagwire ndalama yawo.