Kompyuta imodzi, masikirini anayi: zimatheka bwanji?

Munaimapo pamzere kubanki n'kuona masikirini angapo akuonetsa uthenga umodzimodzi? Musaganize kuti sikirini iliyonse ili ndi kompyuta yakeyake ayi. Nthawi zambiri kompyuta imakhala imodzi basi.

Chinsinsi chake ndi kabokosi kotchedwa HDMI splitter. Kamalandira chithunzi kuchokera ku kompyuta, n'kuchikopera, kenako n'kuchitumiza ku sikirini iliyonse. Kamafuna magetsi chifukwa kamawonjezera mphamvu ya siginolo. Komabe waya wa HDMI akatalika kupitirira mamita 15, chithunzi chimatha kumadukaduka. Zikatere amagwiritsa ntchito HDBaseT, yomwe imayendetsa siginolo pa waya wa Cat6 mpaka mamita 100.

Nanga chithunzi chimodzi chachikulu chofalikira pa masikirini anayi? Apa splitter yekha sangathe. Pamafunika video wall controller, yomwe imaduladula chithunzicho n'kupatsa sikirini iliyonse gawo lake.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Chithunzi cha 4K chili ndi mapikiselo 3840 m'litali ndi 2160 m'lifupi. Pa masikirini anayi, awiri pamwamba awiri pansi, gawani nambala zonsezi ndi 2. Sikirini iliyonse ilandira 1920 ndi 1080, yomwe ndi Full HD ndendende.

Tsopano yesani nokha: masikirini akakhala 9, mizere itatu ya atatuatatu, iliyonse ilandira mapikiselo angati? Kodi chithunzicho chioneka bwino ngati poyamba? Chifukwa chiyani?