Lurdes sanasiye kuthamanga

Werengani

Mwana akuthamanga.
Miyendo yatopa.
Anzake amupitirira.
Mwana sakuima.

Nkhani (makolo kapena aphunzitsi awerengere ana)

Ku Fonte Boa kumazizira m'mwezi wa Juni. M'mawa udzu umakhala ndi mame. Ana amathamanga popita kusukulu kuti thupi lifunde. Ena amathamanga cifukwa acedwa.

Tsiku lina Lacisanu, aphunzitsi a kalasi yoyamba anatulutsa ana panja. Analemba mzere pansi ndi kamtengo. Anati, "Ana inu, muzungulire bwalo kawiri. Yambani!"

Mtsikana wina anayamba ndi liwiro lalikulu. Anasiya anzake onse kumbuyo. Koma atazungulira kamodzi, mpweya unamuthera. M'nthiti munayamba kulasa. Miyendo inalemera ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi. Anzake anamupitirira mmodzimmodzi. Iye anafika pomalizira, ndipo anyamata awiri anamuseka.

Atafika kunyumba anapeza agogo ake aakazi akusankha mbatatesi pakhonde.

"Walira ciani, mdzukulu wanga?"

"Agogo, ine sindidzathamanganso. Ndinali womaliza."

"Munathamanga mpaka kuti?"

"Tinazungulira bwalo kawiri."

Agogo anati, "Kawiri? Ndiye mtunda wa Lurdes Mutola umenewo. Khala apa undithandize, umve za iye."

Lurdes Mutola anabadwa caka ca 1972 ku Maputo, m'dera la Chamanculo. Kumeneko ndi kummwera kwa Mozambique, kutali kwambiri ndi Angónia. Ali mwana ankakonda mpira. Ankasewera ndi anyamata, cifukwa timu ya atsikana kunalibe. Bambo wina wolemba ndakatulo, a José Craveirinha, anamuona akuthamangira mpira. Anaona kuti mwanayu ali ndi liwiro. Anamupereka kwa mwana wawo Stélio, amene ankaphunzitsa anthu kuthamanga.

Nchito yatsopanoyi inali yowawa. Pa mpira munthu amathamanga, n'kuima, n'kuthamanganso. Pa mpikisano wa liwiro palibe poima. Lurdes atayesa, anaganiza zosiya. Anamulimbikitsa, ndipo anabwereranso pabwalo.

Mpikisano wake unali wa mamita 800. Bwalo la mpikisano ndi mamita 400. Conco wothamanga amazungulira kawiri. Ulendo woyamba aliyense amakhala ndi mphamvu. Ulendo waciwiri ndi umene umawawa. M'cifuwa mumatentha, miyendo imakana, ndipo mumtima mumabwera mawu akuti, "Ima."

Caka ca 1988 Lurdes anapita ku Seoul, m'dziko la Korea, ku Masewera a Olimpiki. Masewerawa amacitika kamodzi pa zaka 4, ndipo kumabwera anthu a maiko ambiri. Iye anali ndi zaka 15 zokha. Anafika pa nambala 7 m'gulu lake. Sanapitirire. Anabwerera kwawo wopanda kanthu.

Apa agogo anasiya kusankha mbatatesi. Anati, "Caka cimeneco ife sitinali kuno. Tinathawa nkhondo, tinali ku Dedza. Za Lurdes sitinazimve n'komwe. Tinabwerera mtendere wa 1992 utafika."

Caka ca 1991 Lurdes anapita ku Springfield, ku Oregon, m'dziko la America. Anapita kukaphunzira sukulu ndi kuthamanga. Makolo ake anatsala ku Maputo. Anthu a kumeneko ankalankhula Cingelezi, cinenero cimene iye sankacidziwa. Mphunzitsi wake wa liwiro anali mayi Margo Jennings. Awiriwa anagwira nchito limodzi zaka zambiri.

Caka ca 1992, ku Olimpiki ya ku Barcelona, Lurdes anali wacisanu. Mendulo zimapita kwa anthu atatu okha. Iye sanalandire.

Caka ca 1993, ku Stuttgart, anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi. Anthu anayamba kuchula dzina lake.

Koma caka ca 1995, ku Göteborg, kunacitika cinthu cowawa. Pabwalo pamakhala mizere yoyera. Poyamba mpikisano, aliyense amathamanga m'kanjira kake. Lurdes anaponda kunja kwa kanjira kake, ndipo oweruza anamucotsa mumpikisano. Anthu ambiri ankayembekeza kuti apambana. Cinamulepheretsa si munthu womuposa liwiro ayi, koma phazi loponda polakwika. Munthu wina akanakhala pansi miyezi yambiri. Iye anapita ku Brussels m'mwezi womwewo wa Ogasiti. Kumeneko anathamanga mamita 1000 mofulumira kuposa mkazi aliyense amene anathamangapo mtunda umenewo mpaka tsiku limenelo.

Caka ca 1996, ku Atlanta, anali wacitatu. Analandira mendulo ya mkuwa. Iyi inali mendulo yoyamba ya Mozambique ku Olimpiki. Koma golide anali asanamupeze.

Pa 25 Seputembala 2000, Lurdes anaima pamzere ku Sydney, m'dziko la Australia. Aka kanali kacinayi kupita ku Olimpiki. Sanathe mphamvu zake zonse pa ulendo woyamba. Atatsala pang'ono kufika kumapeto, patsogolo panali Kelly Holmes wa ku Britain. Lurdes anawonjezera liwiro, namupitirira. Anafika woyamba. Anathamanga mphindi 1 ndi masekondi 56. Kucokera ku Seoul kufika ku Sydney panapita zaka 12.

Agogo anati, "Ife tinamva pa wailesi. Agogo ako aamuna anataya cipewa m'mwamba."

Lurdes anathamangabe mpaka caka ca 2008. Anapita ku Olimpiki maulendo 6.

Mtsikana uja anakhala cete. Kenaka anafunsa kuti, "Agogo, nanga m'nthiti mukalasa ndizicita ciani?"

"Uzicepetsa liwiro ndi kupuma mpweya wambiri. Tamvera. Ine ndikasenza cimanga kupita kucigayo, sindiganiza za cigayo. Ndi kutali, mtima ungagwe. Ndimayang'ana mtengo wa bulugamu uja. Ndikafika pamtengo, ndimayang'ana citsime. Ndikafika pacitsime, ndimayang'ana mlatho. Ndimangoona ndafika."

"Koma ine ndinali patsogolo, agogo."

"Unali patsogolo cifukwa unaika nkhuni zonse pamoto madzi asanawire. Nanga nsima ukanaphika ndi ciani?"

Mtsikanayo anaseka, misozi ikadali m'maso.

Lolemba m'mawa anathamanga kucokera kunyumba kufika pamtengo. Anayenda pang'ono. Anathamanganso kufika pacitsime. Laciwiri anacita comweco. Lacitatu kunazizira kwambiri, ndipo sanafune kudzuka. Mnzake wa nyumba yoyandikana anabwera kudzamuitana, nathamanga awiri.

Lacisanu aphunzitsi analembanso mzere. Ana anayamba. Ulendo woyamba mtsikana uja anali pakati pa gulu. Anzake ena anali kutali patsogolo, koma iye sanawathamangire. Ulendo waciwiri m'nthiti munayambanso kulasa. Anayang'ana pakona pa bwalo. Atafika pakona, anayang'ana mtengo wa mbendera. Atafika pamtengo, anayang'ana aphunzitsi.

Sanapambane. Ana asanu anafika iye asanafike. Koma atadutsa mzere anaceuka, naona anzake ambiri akubwerabe.

Mafunso

1. Kodi mtsikana uja anatopa msanga cifukwa ciani?
2. Lurdes ankasewera ciani asanayambe kuthamanga?
3. Kodi cinacitika n'ciani ku Göteborg?
4. Agogo amayang'ana ciani akasenza cimanga?
5. Werengani zaka kucokera 1988 kufika 2000. Gwiritsani nchito timiyala.

Kwa makolo

Mwana wa kalasi yoyamba safunika mtunda wautali. Kuzungulira bwalo kawiri n'kokwana. Adye phala m'mawa, ndipo amwe madzi akamaliza. Mwana amene watentha thupi kapena akutsokomola asathamange. Akamva cizungulire, aime, akhale pamthunzi. Kutopa kwa miyendo ndi kwina, kudwala ndi kwina.

Mwana akabwera womaliza, musamufunse amene wapambana. Mufunseni pamene anatopera, ndi cimene anayang'ana kuti afike. Abale ake akamuseka, aletseni.

Angónia ndi dziko lokwera. Akatswiri ambiri a liwiro a ku Kenya ndi ku Ethiopia anakulira m'malo okwera, ndipo ena a iwo ankapita kusukulu wapansi, monga ana a ku Fonte Boa.

Nchito

Mawa popita kusukulu, sankhani zinthu zitatu za m'njira, monga mtengo, mwala ndi nyumba. Thamangani kufika pa coyamba. Yendani pang'ono. Thamanganinso kufika pa caciwiri, kenaka pa cacitatu. Mukafika m'kalasi, jambulani zinthu zitatuzo m'kope, ndipo mulembe maina ake pansi pake.