Malangizo: Amayi Nawo Atsogolere Sukulu za Pulayiveti

Lero ndili ndi inu eni sukulu za pulayiveti.

M'sukulu mwanumo muli mayi amene amafika dzuwa lisanatuluke, choko chili mbuu m'manja. Ndiye amatonthoza kamwana ka Giredi 1 kakamalira pageti, ndiyenso amadziwa kholo lomwe latsalira pa fizi. Koma mpando wa ahedi ukapezeka, mumakatenga bambo wakunja. Zimenezi zimandiwawa.

Yambani kumukonzekeretsa msanga mayi ameneyu. Mpatseni kuti akonze taimutebulo ya temu ino. Mukamawerengera ndalama za malipiro ndi za lendi, akhale nanu pa tebulo, buku lili lotsegula. Pamsonkhano wa makolo, aimirire ndi iye, inu mukhale pansi. Akafuna kuwonjezera maphunziro ku Chalimbana University pa holide, musam'mane mpata.

Nkhani ya pakati isakhale chomutsekera njira. Lamulo la Employment Code la 2019 limapatsa mayi masabata 14 a tchuthi cha uchembere, ndipo sukulu za pulayiveti nazonso zili pansi pake. Abwerere, apeze udindo wake ukumudikira.

Inu aphunzitsi achizimayi, onetsetsani kuti laisensi yanu ya Teaching Council of Zambia ili m'malo. Mukamva za mpando, lembani kalata, musadikire kuti wina akutchuleni. Kumbukirani kuti Amayi Nelly Mutti anakhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo mu 2021, mayi woyamba paudindowo.

Sabata yamawa tidzakambirana za makomiti a makolo.